Makina Opita Dzulo

Lolemba

Ahedi andiitana ku ofesi. Loweruka lino ndi tsiku la makolo, akufuna sewero. "Lija la chimbudzi lomwe lija, aphunzitsi. Makolo amalikonda."

Lija la chimbudzi ndalichita zaka zinayi zotsatizana. Zaka zinayi ndikusewera ntchentche! Ana a Sitandade 2 akandiona pamsewu amayamba "nziii". Chaka chino ayi. Ndawauza ahedi kuti ndili ndi china chatsopano, chophunzitsa sayansi. Atamva "sayansi" avomera osafunsa zambiri.

Chiyambi chake ndi ichi. Mwezi watha ndinagula usipa ku msika wa ku boma, mayi wogulitsayo anandikulungira m'pepala la Chingerezi. Ndili m'njira ndinawerenga pepalalo: munthu akulowa m'makina ndipo akutulukira chaka china! Ndinabwerera liwiro. Mayiyo anandipatsa buku lonse lotsalalo, akundiyang'ana ngati wodwala mutu. Lilibe chikuto, lilibe chiyambi, mapeto ake anapita ndi usipa wa anthu ena. Sindidziwa dzina lake, sindidziwa wolemba, sindidziwa ngati munthu uja anabwerako. Koma chiwerengereni mutu wanga sukhazikika.

Ndiye sewero: mphunzitsi wina wanzeru koma wosayamikiridwa (si ine) apanga makina n'kupita zaka zana kutsogolo kukaona Mangochi.

Zimene akaone:
— tala mpaka ku Makanjira
— magetsi m'kalasi iliyonse
— choko chosathyoka
— mabwato ouluka, asodzi akuponya makoka ali m'mwamba
— udzudzu kulibe, kapena ulipo koma waulemu

Zofunika:
— mgolo wopanda kanthu
— njinga yakufa
— tochi
— wotchi yapakhoma ya ku ofesi (ndipempha ahedi akakhuta)
— munthu wolumikiza zonsezi. Che Jafali, okonza njinga pansi pa mango pafupi ndi msika.

Wosewera mphunzitsi wanzeruyo: ine, poti palibe wina angaloweze mawu pofika Loweruka.

Akazi anga, mayi a Rute, ndawauzako pang'ono. Akuti: "Bola si ntchentche." Chilimbikitso!

Lachiwiri

Masamba asanu ndi limodzi atheka! Dzanja likuwawa koma mtima uli m'malo.

Ahedi awerenga tsamba loyamba ataimirira, lachiwiri atakhala pansi. Akuti kubwera alendo ochokera ku boma, choncho sewero liyambe laonedwa ndi a tcheyamani a chipani a nthambi yathu. "Ndi mwambo chabe."

A tcheyamani ndi Che Saidi, atelala a pakhonde la golosale. Munthu wabwino, wosakweza mawu. Ine ndikuwerenga, iwo akupalasa makina awo osokera. Tala: akugwedeza mutu. Magetsi: "Chitukuko chimenecho." Mabwato ouluka: akuseka mpaka kutsokomola. Kenako phazi laima.

"Mwalimu, zaka zana kutsogoloko, akulamulira ndani?"

Ndinali ndisanaganize. Mulungu ndi mboni, ndinali ndisanaganize!

Mayankho amene alipo:
1. Omwe alipowa, paja timaimba kuti ndi amuyaya. Ndiye kuti ali ndi zaka pafupifupi mazana awiri. Wina pagulupo aseka. Wosekayo pamodzi ndi ine wolemba tikwera galimoto imodzi ya apolisi.
2. Munthu wina. Apa ndikwera ndekha.
3. Osatchula. Che Saidi: "Ndiye anthu afunsa kuti mukubisa chiyani."

Ayang'ana kumanzere, ayang'ana kumanja, atsitsa mawu. "Kutsogolo musapiteko, Mwalimu. Palibe amene ali ndi chilolezo."

Ndatsanzika, andiitananso. Funso lina: munthu wa m'makinayo atenga khadi la chipani la chaka chiti? Pakuti la chaka chino likakhala litatha akamafika, ndipo pamsika sakamulola kulowa.

Masamba asanu ndi limodzi aja ndayatsira mbaula. Mayi a Rute akuti amayaka bwino kuposa nyuzi.

Lachitatu

Chabwino. Kutsogolo kwatsekedwa, tibwerera m'mbuyo. Makina ndi omwewo, kungopalasa chobwerera.

Nthawi ya atsamunda? Ahedi: "Mukufuna kunena kuti munthu angasiye ufulu uno n'kulakalaka kumeneko?" Sindikufuna kunena chilichonse.

Kale kwambiri, nthawi ya akapolo? Ahedi andikumbutsa kuti mwa makolo obwera Loweruka, ena agogo awo ankagwira, ena agogo awo ankagwidwa, ndipo onse akhala pa benchi imodzi.

Nthawi ya Nowa? Ansembe aitanidwa, ashehe aitanidwa, aliyense ndi Nowa wake.

Nthawi yopuma, ndili pakhonde la kalasi, nzeru yabwera. Ulendo waufupi! Zaka khumi ndi zitatu zokha. Munthu abwerera ku m'mawa umodzi kukakonza kanthu kamodzi. Mulibe ndale. Ndipo sindifunika kupeka, nkhaniyo ndimaidziwa.

M'mawa umenewo, mlatho usanamangidwe, ndinali ndi kalata yondiitana ku Blantyre kukayesedwa ntchito youlutsa mawu pa wailesi. Mawu ndinali nawo, aliyense ku tchalitchi ankanena. Zinayenda motere:
— ndikusita malaya anga oyera, okhawo
— kakhala kamoto kagwa m'nsimbi, kaboola pathumba
— ndithamangira kwa msuweni kukabwereka ake, manja ake aatali ngati a mkanjo
— ndifika padoko, pantoni yangonyamuka kumene, nkhope za okweramo ndikuziona bwinobwino
— ifika tsidya, chingwe chiduka, mpaka madzulo
— eni mabwato akana kuolotsa, pakati pali mvuu ndi mwana wake
— basi ya ku Blantyre ipita
— ndikhala pamwala ndi kalata yanga. Mtsikana wogulitsa zitumbuwa aseka malaya aja mpaka misozi, kenako andipatsa chitumbuwa chimodzi chopserera.

Mtsikanayo ndiye mayi a Rute.

Ntchito ija anatenga munthu wina wolankhulira m'mphuno. Ndimamumva tsiku ndi tsiku akuwerenga mauthenga a maliro. Dzina la mudzi wa Nkhudzi limamukanika mpaka lero.

Kakhala kamodzi, kochepa ngati njere ya mapira! Kakanagwera pansi, bwenzi lero ndili ndi tayi ndi nyumba ya magetsi. Ndikaganiza zimenezi mutu umachita chizungulire.

Masamba asanu osapumira. Mayina ndasintha. Mtsikanayo ndamupatsa mandasi m'malo mwa zitumbuwa kuti asadziwike.

Lachinayi

Che Jafali amaliza makina. Ndi okongola! Mgolo woimirira, njinga yopanda matayala yomangidwa pambali, tcheni chikuzunguza chivundikiro cha poto, tochi ya alonda pamwamba, belu, ndi waya wautali woloza kumwamba amene awonjezera okha "kuti zioneke zapamwamba". Upalasa kakhumi, ulowa mumgolo, uliza belu, wafika.

Mafunso a Che Jafali:
— "Buleki ndiike? Mungapitirire mpaka musanabadwe."
— "Mukakumana ndi inu wakaleyo, ayambe kupereka moni ndani?"
— "Mukawapeza bambo anga muwauze asagulitse munda wa kudambo uja."

Ndawafotokozera kuti ndi sewero. Akuti akudziwa, koma ndiwauzebe.

Makinawo tawanyamula pangolo kudutsa pakati pa msika. Cholakwa chachikulu.

Wotchi ahedi abwereketsa monyinyirika. Poyeserera nthawi yopuma ndabweza mivi yake m'mbuyo ola limodzi kuti ndione mmene zionekere. Zikuoneka bwino kwambiri! Ndaikoleka pakhoma ku ofesi monga ndinalonjezera. Mivi sindinaikonze.

Sukulu yonse yaweruka mochedwa ndi ola. A Sitandade 1 akulira ndi njala, aphunzitsi akuyang'ana dzuwa n'kuyang'ana ku ofesi, ahedi akuti wotchi ya boma sinama. Atazindikira anena mawu amene sindilemba muno. Komabe, tinene chilungamo: pa kuyesa koyamba makina anga abweza sukulu yonse m'mbuyo ola lathunthu.

Ndikufika kunyumba, pakhonde pali anthu. Za pamsika zija zafalikira.
— Bambo wina akufuna tsiku limene anavomera kukwatira mkazi wachiwiri.
— Msodzi akufuna sabata yatha, khoka lake lisanakodwe pamwala.
— Wina akungofuna mano ake.

Tonse taseka, abalalika.

Wotsiriza sanaseke. Mayi wachikulire wa kuseri kwa dambo, amene amuna awo anamira ndi mwera chaka chatha. Adikira ena onse achoke. Akuti safuna zambiri, safuna n'kulankhula nawo komwe. Angofika m'mawa uja n'kubisa nkhafi. "Akalipa, akalipe. Ine ndikaibisa basi."

Ndawauza kuti ndi mgolo chabe, mayi. Akuti anaganiza choncho, koma anati afunsebe. Mayi a Rute awapatsa tiyi, awaperekeza mpaka kumsewu.

Lero sindinalembe kanthu m'sewero.

Lachisanu

Tsiku loipa. Ndilemba mwadongosolo.

M'mawa. Che Saidi abwera kusukulu ndi amuna awiri achilendo ovala nsapato zabwino. Kwamveka kuti mphunzitsi wapanga wailesi yolankhula ndi anthu a kuseri kwa Chiponde. Kumene kuli nkhondo kuja! Waya wa Che Jafali uja!

Azungulira makina mbali zonse. Mmodzi walowetsa mutu mumgolo n'kunena "halo". Mgolo wayankha "halo". Mnzake wamuuza kuti migolo yonse imatero.

Atenga waya. Atenga tochi, akuti ingathe kupereka zizindikiro. Masamba anga akawerengera pansi pa mtengo, ola lathunthu, mmodzi akuloza ndi chala. Dzina langa alemba m'kabuku. Kalembedwe kake afunsa kawiri.

Chigamulo: makina alibe mlandu, koma pantoni ichoke. Chingwe cha boma chisaduke pamaso pa alendo. Basi isasiye munthu. Mvuu ikhoza kukhala.

Che Saidi, pofuna kundithandiza: "Bwanji angopita dzulo, Mwalimu? Dzulo tonse tinalipo, palibe chinalakwika."

Masana. Mwini njinga yakufa ija wafika kwa Che Jafali, akuti sinafe. Yapita. Ahedi atsekera wotchi m'kabati, kiyi ali m'thumba.

Zotsala:
— mgolo
— belu

Madzulo. Masamba aja atandibwezera ndinawabisa m'buku la nyimbo. Lachisanu mayi a Rute amapita ku kwaya. Munthu wophunzitsa ana a eni ake, kuiwala zimenezi!

Ndawapeza atakhala pa mpando wanga, masamba pamiyendo. Awerenga mokweza, mosathamanga, ngati akuwerenga mawu m'tchalitchi: "Ndikanangokwera pantoni ija, bwenzi lero ndili munthu."

Kenako: "Ndiye zaka khumi ndi zitatu zonsezi ndakhala ndikuchapira chiyani, bambo a Rute? Mbuzi?"

Ndikuti ndi sewero. Ndikuti mtsikanayo ndi wa mandasi. Akuti aona. Aonanso kuti wa mandasiyo ali ndi mpata pakati pa mano ngati wawo, ndi kuti sewero lonse munthuyo akupalasa njinga kuthawa iyeyo.

Polemba sindinazione choncho. Ndawerenganso kuyambira pamwamba. Zili choncho.

Chakudya chabwera, mawu sanabwere. Mchere ndadzitengera ndekha.

Loweruka

Alendo a ku boma amayembekezeka naini koloko, afika dzuwa litapendeka. Nyimbo. Magule a amayi. Kulankhula: ahedi, Che Saidi, mlendo wolemekezeka, womasulira mlendoyo m'Chiyao, ahedi kuthokoza mlendo, Che Saidi kuthokoza ahedi. Sewero lapatsidwa mphindi zisanu.

Mayi a Rute ali pa benchi yachitatu ndi anzawo ovina, avala nsalu ya chipani pamwamba monga onse. Sakundiyang'ana. Pa benchi yachiwiri: nsapato zabwino zija, zonse zinayi.

Ndaima pambali pa mgolo, suti yanga yokhayo m'thupi. Ndalengeza ndi mawu onse amene wailesi inataya: "Makolo ndi alendo, ine ndikupita dzulo!"

Mkulu wina kumbuyo: "Mukaone amene anaba nkhuku yanga!"

Kuseka. Chabwino, kuseka kotere kulibe mlandu.

Mwendo umodzi mumgolo. Wachiwiri. Ndikunyonyomala kuti mutu ubisike...

Kwaaa!

Buluku lang'ambika kuyambira palamba kumbuyo mpaka kutsogolo. Mumgolo phokoso limakula. A pa benchi yoyamba akuyesa kulira kwa makina, akuomba m'manja.

Ndaliza belu. Malinga ndi sewero latsopano, apa ndiyenera kutuluka n'kunena kuti dzulo ndalipeza lokongola chifukwa cha bata ndi chitukuko. Sindingatuluke. Kabudula wamkati ndi uja wosokedwa ndi thumba la ufa, zilembo zake zikuwerengekabe.

Ndalizanso belu. Zii. Mgolo ukutentha, ukununkha dizilo. Ndikumva mwana akufunsa ngati aphunzitsi apitadi. Ndikumva mayi wina akuyamba pemphero. Ahedi asuzumira, aona, atseka maso, atembenukira kwa alendo: "Ulendowu ndi wotalikirapo pang'ono."

Mphindi zisanu zatha kalekale. Thukuta likulowa m'maso. Ndikuganiza zokhala momwemo mpaka anthu onse apite kwawo, ndikuganiza zogubuduza mgolo mpaka kumtsinje. Kenako mapazi. Mapazi amenewo ndimawadziwa. Pakamwa pa mgolo pabwera nkhope ya mayi a Rute. Ayang'ana ine, ayang'ana buluku. Achoka. Patapita kanthawi nsalu yagwera pamutu panga.

Ndatuluka nditamanga nsalu m'chiuno mpaka m'mapazi, jekete pamwamba. Bwalo lonse laphulika! Ana akugubuduka m'fumbi. Mkulu wa nkhuku uja akukuwa kuti ndapitirira, ndafika nthawi ya agogo ake. Che Jafali: "Ndinanena za buleki!" Mawu onse ndaiwala. Ndawerama, ndachoka.

Mlendo wolemekezeka akuti sewero laphunzitsa bwino kuti chitukuko chisatiiwalitse chikhalidwe chathu. Che Saidi akuti ndi zimene anandilangiza. Ahedi sakundilankhula.

Ndili kuseri kwa kalasi m'pamene ndaona. Nsalu imene andiponyera ndi yamkati, yamaluwa, yakale ija. Ya chipani, yokhala ndi nkhope ija, inali pamwamba, yosavuta kumasula. Akanaponya imeneyo, ine n'kuimanga kumatako pamaso pa benchi yachiwiri, bwenzi pano ndili pa galimoto. Anachita kupita kuseri kwa mtengo, kumasula zonse ziwiri, kusankha, kumanganso. Ali okwiya choncho!

Kunyumba ndathokoza. Akuti: "Muichape."

Lamulungu

Ku tchalitchi moni wa aliyense ndi umodzi: "Mwabwerako?" Ansembe nawonso, pakhomo, dzanja langa ali chigwirire.

Mgolo Che Jafali atenga, akuti asungiramo madzi oyesera machubu. Nsalu ndachapa, ili pachingwe.

Masana, pakhonde, mayi a Rute akutola timiyala mu mpunga. Ayamba okha, maso ali m'lichero.

Akuti tsiku la pantoni lija iwo sanayenere kukhala padoko. Zitumbuwa zinali za akulu awo, amene anadzuka tsaya litatupa ndi dzino. Iwo tsikulo amayenera kukwera lole ndi amalume awo kupita ku Chiponde, kukaonedwa ndi abale a mnyamata wina wogwira ntchito ya kasitomu pachipata. Amayi awo anati zitumbuwa zingaonongeke, ku Chiponde kupite msuweni wawo kukapepesa. Msuweniyo anapepesa bwino kwambiri. Lero ali ndi nyumba ya malata, njinga yamoto, ndi firiji ya parafini.

Zaka khumi ndi zitatu, sindinamvepo zimenezi! Msuweniyo ndimamudziwa. Timadya kwawo pa Khirisimasi. Madzi ozizira a m'firijimo ndimawayamikira mokweza chaka chilichonse, amuna ake akumwetulira.

"Dzino limodzi," akutero mayi a Rute. "Mumayesa ndinu nokha amene mumaganiza zimenezi? Inenso ndimaganiza, makamaka denga likamadontha. Koma ine sindinaitane makolo kuti adzaonere."

Kenako ndafunsa, mopusa, kuti makina aja akanakhala enieni akanakwera kodi.

"Zimatengera tsiku."

"Lero?"

Apeta mpunga kawiri, katatu. "Lero ndatopa. Sindingapalase."

Alowa m'nyumba, atuluka ndi buluku lija, singano ndi ulusi, aika pamiyendo panga. Kwa Che Saidi sindingapite nalo, msika wonse ungadziwe kukula kwa bowo.

Ulusi wakana kulowa kanayi. Kachisanu andilanda singano, alowetsa, andibwezera. Kusoka ndisoka ndekha.

Mawa Sitandade 6, masamu.